Mmene tikukonzera maulendo a pa boti okaona zilumba za ku Krabi

Kwatsala masabata 14

Ndayamba kulemba izi kuti abale onse amene tili nawo pa ulendowu azidziwa pamene ntchito yafika, komanso kuti ine ndisamaiwale chifukwa chimene ndasankhira ichi n'kusiya icho. Tilipo asanu ndi awiri: amayi, amene ali ndi zaka 71, ine ndi akazi anga, ana athu awiri, wamkulu wa zaka 9 ndi wamng'ono wa zaka 6, mchemwali wanga ndi alamu. Awiri omalizawa amagwira ntchito ku Thailand ndipo ndi amene anatiitana. Tidzakhala ku Ao Nang, m'chigawo cha Krabi, masiku asanu ndi limodzi mu Januwale. Ntchito imene andipatsa ndi yokonza maulendo a pa boti, onyamuka m'mawa n'kubwerera kumtunda tsiku lomwelo.

Januwale tinamusankha ndi cholinga. Gombe limeneli linayang'ana ku nyanja ya Andaman, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala kumaomba mphepo ya monsoon yochokera kummwera chakumadzulo, imene imabwera ndi mvula komanso mafunde akuluakulu. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mphepoyo imatembenuka n'kumachokera kumtunda, ndipo nyanja imakhala bata masiku ambiri. N'chifukwa chake zilumba zina, monga za Similan, zimatsekedwa kuyambira pakati pa Meyi mpaka pakati pa Okutobala.

Usiku uno ndatsegula mapu n'kulemba chilumba chilichonse chimene chandikopa. Zakwana 16, kuyambira Poda, Kai, Tup ndi Mor zimene zili pafupi, kudzera Hong ndi Phi Phi, mpaka Rok, Haa ndi Similan zimene zili kutali.

Kwatsala masabata 13

Ndayeza mitunda, ndipo mndandanda uja wachepa wokha.

Maboti amene angatinyamule ndi a mitundu iwiri. Loyamba ndi la matabwa lija amati longtail, limene injini yake, nthawi zambiri yochokera m'galimoto, imakhala kumbuyo pamwamba, ndipo chopalasira madzi chake chimakhala kunsonga ya chitsulo chachitali chimene woyendetsa amachitembenuza ndi manja. Limatha kulowa m'madzi osaya mpaka kugunda mchenga, koma limayenda pang'onopang'ono. Kuchokera ku Ao Nang kukafika ku Poda, mtunda wa makilomita pafupifupi 8, limatenga ngati theka la ola. Lachiwiri ndi boti lothamanga la mainjini awiri kapena atatu. Limeneli limafika ku Phi Phi, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, mu ola limodzi kapena kucheperapo, koma likakumana ndi mafunde limadumpha n'kumenyetsa pansi pake pamadzi, ndipo kugunda konseko kumathera mumsana wa munthu wokhala pampando.

Similan ndachotsa, chifukwa maboti opita kumeneko amanyamukira ku Thap Lamu, kufupi ndi Khao Lak, ndipo tisanakwere n'komwe tingayambe tayenda maola angapo pamsewu kunja kusanache. Rok ndi Haa zili kummwera, cha ku Koh Lanta, ndipo ana sangapirire ulendo wake wopita ndi kubwera. Za ku Phang Nga, monga Khao Phing Kan ndi mudzi wa pamadzi wa Panyee, ndaziika pambali ndi mtima wowawa, makamaka Panyee.

Madzulo ndinaimbira amayi. Mawondo awo amavuta, ndipo masitepe amakwera atagwira chinachake. Ndinawawerengera maina a zilumba zotsalazo limodzi limodzi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwananga, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ine ndikufuna kukaponda mchenga uja mlongo wakoyu anandionetsa, umene umatuluka pakati pa nyanja anthu n'kumayendapo. Zinazo muone nokha."

Malo amene akunenawo ndi Thale Waek, njira ya mchenga imene imalumikiza zilumba za Kai, Tup ndi Mor madzi akaphwa, n'kumiranso madzi akadzaza. Kuyambira lero, tsiku la malo amenewa ndi limene likhale loyamba kukhazikitsidwa, ndipo ena onse azitsatira pambuyo pake.

Kwatsala masabata 11

Sabata yonseyi yathera pa ndandanda ya nthawi za kukwera ndi kutsika kwa madzi. Ku Thailand ndandanda yotereyi imatulutsidwa ndi nthambi yoyeza nyanja ya asilikali a pamadzi a dzikolo, ndipo alamu anditumizira tsamba la Januwale la dera la Krabi. Poyamba ndinkangoona manambala odzaza tsamba. Nditakhala nalo pansi usiku wachiwiri ndi pamene ndinazindikira kuti pulogalamu yathu yonse ili m'manambala amenewa.

Pa gombe limeneli nyanja imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa maola 24 ndi mphindi pafupifupi 50. Mphindi zowonjezerazo ndi zimene zimachititsa kuti nthawi ya madzi ophwa izichedwerachedwera tsiku ndi tsiku. Wokoka madziwo ndi mwezi, mothandizidwa ndi dzuwa. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, ziwirizi zimakokera kumodzi, ndipo patapita tsiku limodzi kapena awiri madzi amadzaza kwambiri n'kuphwanso kwambiri. Kumeneku kusiyana kwake kumayandikira mamita atatu. Mwezi ukakhala theka, madzi samasuntha kwambiri, ndipo mchenga wa Thale Waek umatha kungooneka pang'ono.

Mwamwayi, mwezi udzakhala wathunthu pakati pa masiku athu, ndipo madzi adzaphwa kwambiri pa tsiku lachisanu. Ndinafulumira kulemba kuti Thale Waek tidzapite tsiku limenelo. Koma nditayang'ana maola, mtima unagwa. Tsiku limenelo madzi adzadzaza cha m'ma 11 koloko m'mawa n'kuphweratu cha m'ma 5 koloko madzulo. Krabi ili pafupi ndi equator, madigiri 8 okha kumpoto, ndipo dzuwa likalowa 6 koloko itangodutsa, mdima sumachedwa. Vuto lina lalikulu lili pobwerera. Maboti a longtail ku Ao Nang amatsitsira anthu pamchenga, ndipo madzi akaphwa boti limaima patali, anthu n'kutsika ndi kuyenda m'madzi mpaka kumtunda. Amayi atatopa ndi tsiku lonse, akuyenda m'madzi ofika m'mawondo kunja kukuda, zimenezo sindingalole.

Ndinabwerera m'mbuyo pa ndandanda ija, tsiku ndi tsiku. Pa tsiku lathu lachiwiri madzi adzaphweratu cha m'ma 3 koloko masana, ndipo adzakhala atatsika mokwanira chifukwa mwezi udzakhala utatsala pang'ono kukhala wathunthu. M'mawa wake adzadzaza cha m'ma 9 koloko, nthawi yeniyeni yokwera boti, ndiye kuti boti lidzafika pafupi ndi mchenga wouma.

Kuti nditsimikize za pobwerera, ndagwiritsa ntchito kawerengedwe kamene oyenda panyanja amadalira. Amagawa kusiyana kwa madzi ophwa ndi odzaza m'magawo 12. Ola loyamba madzi amakwera gawo limodzi, lachiwiri magawo awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatu, lachisanu awiri, lomaliza gawo limodzi. Tikanyamuka kuzilumba 5 koloko n'kufika ku Ao Nang patatha theka la ola, madzi adzakhala atakwera kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo dzuwa lidzakhala likadalipo.

Kawerengedwe komweka kandichenjezanso china. Pamene kusiyana kuli mamita atatu, mu ola lachitatu lokha madzi amakwera masentimita 75. Kwa mwana wathu wamng'ono amenewo ndi madzi ofika pachifuwa, ndipo pamchenga wopapatiza pakati pa zilumba ziwiri madzi samangokwera, amadutsa akukoka. Ndalemba kuti pa njira ya mchengayo tidzafikepo 2 koloko ndipo 4 koloko aliyense adzakhale atachokapo.

Tsiku lachisanu lija silinatayike. Lapita kwa Hong. Dzina limeneli m'chilankhulo cha ku Thailand limatanthauza chipinda, chifukwa pakati pa chilumbacho pali dziwe lozunguliridwa ndi zipupa zazitali za miyala ya laimu, ndipo boti limalowamo kudzera pampata wopapatiza. Mmenemo mumafuna madzi odzaza, apo ayi boti limakwakwaza pansi. Madzi a 11 koloko aja, amene anasokoneza Thale Waek, ndi oyenerera ndendende pa Hong. Kumeneko tidzabwereko pofika 2 koloko, madzi asanathawe pagombe.

Kwatsala masabata 9

Tagwirizana zotenga boti lathu lokha, osati kulowa m'gulu la alendo ena. Maulendo a magulu amakhala ndi nthawi zawo zosasintha, ndipo sangadikire munthu wamkulu amene akufuna mphindi zisanu kuti atsike. Zidzadya ndalama zambiri, koma tonse tavomera kusonkherana.

Ndalembera eni maboti atatu mafunso ofanana. Ndafunsa ngati boti lili ndi denga lotchinga dzuwa pamipando yonse, ngati lili ndi makwerero achitsulo okolekera m'mbali, ngati angavomere kunyamuka ndi kubwerera pa maola amene ndawerengera, komanso ngati ali ndi majekete oyandamitsa a misinkhu ya ana. Funso lomalizali ndi limene lawasiyanitsa. Woyamba anangoti majekete alipo okwanira aliyense. Nditafunsanso za a mwana wolemera makilogalamu 20, sanayankhe. Jekete la munthu wamkulu pa mwana wamng'ono limakwera mpaka kumakutu akangogwera m'madzi, ndipo mwanayo amatha kutulukamo chotsika. Ameneyo ndamusiya. Wachiwiri anatumiza chithunzi cha majekete ang'onoang'ono okhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, ndipo pa nkhani ya maola anandiwongolera: anati tiyambire ku gombe la Phra Nang ku Railay m'mawa anthu asanachuluke, kenako tikakhale pamthunzi ku Poda nthawi ya dzuwa la paliwombo, Thale Waek n'kukhala komaliza. Munthu amene akuwongolera pulogalamu yako motere ndiye kuti waiwerenga. Tatenga ameneyu.

Alamu anandifunsa chifukwa chimene ndasiyira masiku awiri odikira opanda boti pa masiku asanu ndi limodzi okha. Ndinawakumbutsa za pa 5 Julaye 2018, pamene boti la Phoenix linamira kufupi ndi Phuket likubwerera ndi alendo, mphepo yamkuntho italipeza panjira, ndipo anthu 47 anamwalira. Inali nyengo ya monsoon, si ya Januwale ayi, koma chimene ndatolapo n'chakuti munthu amene alibe tsiku lina amadzikakamiza kunyamuka ngakhale kumwamba kukukayikitsa. Nthambi yoona zanyengo ya ku Thailand imalengeza kutalika kwa mafunde tsiku lililonse ndipo imachenjeza maboti ang'onoang'ono kuti asachoke pagombe nyanja ikawinduka. Tagwirizana kuti chenjezo likatuluka, kapena woyendetsa boti akangoti lero ayi, palibe wotsutsa. Ulendo wa amayi ukalephereka pa tsiku lachiwiri, udzapita pa lachitatu. Madzi adzachedwa kuphwa ndi mphindi zosakwana ola, ndipo mawerengero aja adzagwirabe tikafupikitsa nthawi ya pamchenga.

Kwatsala masabata 7

Nkhani ya Phi Phi yatitengera masiku anayi a kukambirana pa WhatsApp.

Alamu ndi akazi anga akufunitsitsa kukaona Maya Bay, ndipo ndikuwamvetsa. Ndi gombe limene linatsekedwa mu Juni 2018 chifukwa maboti ndi alendo zikwizikwi tsiku lililonse anali atawononga ma coral, zamoyo za pansi pa nyanja zimene zimapanga matanthwe okhalamo nsomba, ndipo linatsegulidwanso mu Januwale 2022 ndi malamulo atsopano. Pa zaka zimene linapuma, shaki zing'onozing'ono za nsonga zakuda zinabwereramo. Masiku ano maboti salowamo. Amakocheza kuseri kwa Phi Phi Leh, chilumba chimene pali gombeli, ku Loh Samah, anthu n'kutsikira padoko loyandama ndi kuyenda pansi kukafika kugombe, ndipo kusambira sikuloledwa. Malamulo amenewa ndimawalemekeza kwambiri. Gombe limene linatsala pang'ono kufa likuchira chifukwa anthu analolera kuliona ataimirira pamchenga.

Koma kwa amayi ulendowu ndi ola limodzi la boti logunda msana, kenako kutsika pa doko limene limagwedezeka ndi mafunde, pakati pa anthu ambiri othamangira nthawi. Mchemwali wanga anati, "Achimwene, amayi tisawasiye, adzadandaula mumtima." Ndinati tiwafunse eni ake. Amayi anayankha kuti tsiku limenelo akufuna kukhala pansi pa mtengo akuyang'ana nyanja, ndi mdzukulu wawo wamng'ono pambali. Choncho tsiku lachinayi tagawana. Alamu, mchemwali wanga, akazi anga ndi mwana wamkulu adzapita ku Phi Phi pa boti lothamanga, atakhala mipando ya kumbuyo kumene kugunda kumachepa. Ine, amayi ndi wamng'ono tidzatsala.

Opitawo ndawapempha chinthu chimodzi: pagombe la anyani ku Phi Phi Don, chilumba chachikulu cha Phi Phi, mwana asatsike atanyamula chakudya. Anyani a kumeneko anazolowera kulanda, ndipo akaluma munthu amafunika katemera wa chiwewe.

Kwatsala masabata 5

Zilumba zonse zimene tasankha zili m'malo otetezedwa ndi boma. Poda, Kai, Tup, Mor ndi Phi Phi zili mu paki ya Hat Noppharat Thara–Mu Ko Phi Phi, imene inakhazikitsidwa mu 1983, pamene Hong ili mu paki ya Than Bok Khorani. Ndalama yolowera imalipiridwa payokha, ndipo mwini boti wanenetsa kuti siili mu mtengo wa boti. Alamu adzasunga ma baht (ndalama za ku Thailand) a m'manja a tsiku lililonse mu envulopu yakeyake.

Mafuta oteteza khungu ku dzuwa amene akazi anga anagula tawabweza m'kabati. Nditawerenga kumbuyo kwa botolo ndinapeza oxybenzone. Kuyambira mu Ogasiti 2021, dziko la Thailand linaletsa m'mapaki ake a m'nyanja mafuta okhala ndi oxybenzone, octinoxate, 4-methylbenzylidene camphor kapena butylparaben, chifukwa amawononga ma coral, ndipo chindapusa chimatha kufika ma baht 100,000. Tagula ena a zinc oxide, komanso malaya osambirira a manja aatali a ana, amene amachepetsa malo ofunika kupaka. Mapulasitiki ogwiritsa ntchito kamodzi nawonso ndi oletsedwa m'mapakimo, choncho aliyense adzanyamula botolo lake la madzi. Kudyetsa nsomba n'koletsedwanso, ndipo ana ndawafotokozera kale kuti asadzakhumudwe.

M'chikwama chosalowa madzi mwalowa mankhwala a amayi, mapiritsi oletsa nseru ya pa boti amene amamwedwa musanakwere, kabotolo ka viniga kothira pakhungu munthu akakhudzana ndi jellyfish (kanyama kofewa ka m'nyanja koyabwa), ndi kapepala kokhala ndi manambala awiri: 1669 ya ambulansi ndi 1155 ya apolisi othandiza alendo.

Kwatsala masabata 3

Dzulo ndinakhala pansi ndi ana n'kuwajambulira nyanja ikuphwa ndi kudzaza. Wamkulu anafunsa ngati madzi othawa pagombe si amene amabweretsa tsunami, chifukwa anamva kusukulu. Funsoli linali loyenera, poti pa 26 Disembala 2004 tsunami inakantha gombe lomweli, ndipo Phi Phi Don inali pakati pa malo amene anthu ambiri anafa. Ndinamuuza kusiyana kwake. Kuphwa kwa tsiku ndi tsiku kumatenga maola asanu ndi limodzi, mwakuti sungakuone ndi maso pokhapokha utazika kamtengo mumchenga n'kudikira. Koma nyanja ikathawa m'mphindi zochepa, kapena nthaka ikagwedezeka, palibe kutola zigoba kapena kufunafuna nsapato, aliyense athamangire kokwera. M'magombe a kumeneko muli zikwangwani zosonyeza njira yothawira, ndipo tagwirizana kuti paliponse pamene tidzatsike, ntchito ya mwana wamkuluyu idzakhala kupeza chikwangwanicho n'kutisonyeza tonse. Wailandira ndi manja awiri.

Wamng'ono akukanabe magalasi oonera pansi pa madzi. Akuti akumufinya mphuno. Tikuyeserera m'beseni madzulo alionse, masekondi khumi okha, ndipo sindikumukakamiza. Akakana mpaka tsikulo, nsomba za m'madzi osaya a ku Poda zimaoneka munthu ataimirira.

Kwatsala sabata imodzi

Pa zilumba 16 zija, zimene tonse asanu ndi awiri tidzapiteko ndi zisanu: Poda, Kai, Tup, Mor ndi Hong, kuwonjezerapo gombe la Phra Nang, limene lili kumtunda ngakhale kuti kumafikika pa boti pokha chifukwa cha matanthwe amene anatseka Railay. Tsiku loyamba ndi lopuma. Lachiwiri ndi la amayi. Lachitatu lili podikira. Lachinayi ndi la Phi Phi kwa anayi aja. Lachisanu ndi la Hong, ndipo ngati mphamvu zidzakhalepo woyendetsa adzatidutsitsa pa kachilumba ka Lao Lading pobwerera. Lachisanu ndi chimodzi lili podikiranso.

Ndayerekezanso maola anga ndi ndandanda ya madzi kachitatu, ndipo mwini boti wawavomereza. Anatumizanso chithunzi cha makwerero a boti lake, ndipo nditachiyang'anitsitsa ndinaona kuti sitepe yoyamba ili pamwamba kwambiri kwa munthu wa mawondo ovuta. Mchemwali wanga wagula kampando kolimba kapulasitiki koti tidzaike pamchenga pansi pa makwererowo. Tagawana malo: alamu adzakhala m'boti atagwira dzanja la amayi, ine ndidzakhala m'madzi kumbuyo kwawo nditaponda kampandoko ndi phazi limodzi kuti kasasunthe. Amayi akhala akuyeserera pa sitepe ya pakhomo, kukwera ndi mwendo wabwino, kutsika ndi wovutawo, ndipo dzulo anandiuza kuti afika kakhumi osapuma.

Chatsala ndi nsapato zawo za m'madzi. Zimene tinagula n'zothina pachala chachikulu, ndipo mawa m'mawa ndikupita kukasinthitsa ndi zokulirapo nambala imodzi.